Tsiku la Woyendera Sukulu: Mmene Masamu a Ana Anasandukira Ndalama ku Mangalande

Munthu aliyense amene anapondako pakhomo la sukulu m'dziko la Malawi amalidziwa liwu lakuti Sitandade. Kholo likafuna kunena pamene mwana wake wafika pa maphunziro, limati ali mu Sitandade 3 kapena mu Sitandade 7, ndipo womva safunsanso tanthauzo lake. Koma liwuli si la Chichewa, ndiponso poyamba silinali dzina la kalasi ayi. Linali dzina la muyeso. Linalowa m'sukulu za ku Mangalande m'chaka cha 1862, pamene Boma la dzikolo linaganiza zoyesa mwana aliyense payekha pa kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndi kupereka ndalama kusukulu molingana ndi kuchuluka kwa ana okhoza. Mwa maphunziro atatuwa, amene anagwetsa ana ambiri ndi kusowetsa aphunzitsi tulo anali masamu.

Chimene chinadzetsa lamuloli

Kale sukulu za ana a anthu wamba ku Mangalande zinali m'manja mwa mipingo. Boma linayamba kuthandizapo m'chaka cha 1833, pamene linapereka mapaundi 20,000 omangira nyumba zophunziriramo. M'chaka cha 1839 linaika anthu oyendera sukulu, ndipo kuyambira 1846 linayamba kulipira anyamata ndi atsikana ophunzira uphunzitsi, ndi kuwonjezera malipiro a aphunzitsi amene anali ndi makalata a ntchito yawo. Chaka ndi chaka ndalamazo zinakwera, kufikira m'chaka cha 1861 zinapyola mapaundi 800,000. Nkhondo ya ku Crimea, imene inatha mu 1856, inali itadya chuma chambiri, ndipo akuluakulu a Boma anayamba kufunsa ngati ndalama za sukulu zinali kubala zipatso.

Tsono m'chaka cha 1858 anaika bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi mfumu ina ya Angerezi, Duke wa ku Newcastle. Bungwelo linatulutsa zimene linapeza mu 1861. Linati aphunzitsi ambiri ankataya mphamvu zawo pa ana aakulu ndi anzeru a m'kalasi lapamwamba, pamene ang'onoang'ono ankasiyidwa m'manja mwa ana anzawo. Woyendera sukulu akabwera, ankafunsa kalasi lonse pamodzi. Ana ochenjera atatu kapena anayi ankayankha, ndipo sukulu yonse inkatamandidwa chifukwa cha iwo. Koma ana ambiri ankasiya sukulu ali ndi zaka 10 kapena 11 kukagwira ntchito m'minda ndi m'mafakitale, asanafike n'komwe m'kalasi lotamandidwalo. Ankachoka osadziwa kulemba kalata kapena kuwerengera malipiro awo.

Woyang'anira za maphunziro m'Boma pa nthawiyo anali Robert Lowe, munthu wa khungu lachialubino, wa maso ofooka kwambiri, koma wakuthwa nzeru ndi lilime lomwe. Iye ankakhulupirira kuti Boma liyenera kugula maphunziro monga munthu agulira nsalu m'sitolo: ayambe wayeza, kenaka alipire. Polankhula m'Nyumba ya Malamulo sanalonjeze kuti njira yake idzakhala yabwino ndi yotsika mtengo pamodzi. Anati ikapanda kutsika mtengo idzakhala yabwino, ndipo ikapanda kukhala yabwino idzatsika mtengo.

Mtengo wa samu imodzi

Kuti lamulo la Lowe limveke bwino, m'pofunika kudziwa ndalama za masiku amenewo. Makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi imodzi. Mwana mmodzi wa zaka zopyola 6 ankatha kubweretsera sukulu yake masheleni 12 pa chaka. Masheleni 4 anali a kubwera kusukulu mokhulupirika. Masheleni 8 otsalawo anali a mayeso, ndipo ankagawidwa patatu: masheleni 2 ndi makobiri 8 pa kuwerenga, chimodzimodzinso pa kulemba, chimodzimodzinso pa masamu. Mwana akalephera masamu, sukulu inkataya masheleni 2 ndi makobiri 8 tsiku lomwelo. Woyesedwa anayenera kukhala atafika kusukulu kokwanira 200 m'chakacho, powerenga m'mawa padera ndi masana padera.

Ndalamazi sizinkapita m'thumba la mphunzitsi mwachindunji. Zinkapita kwa eni sukulu, amene kawirikawiri anali abusa ndi akuluampingo. Koma popeza Boma linaleka kuwonjezera malipiro a aphunzitsi monga linkachitira kale, eni sukulu ambiri anamangirira malipiro a mphunzitsi ku zotsatira za mayeso. Ngati pasukulu ina ana 20 akanalephera masamu, sukuluyo ikanataya makobiri 640, ndiwo mapaundi 2, masheleni 13 ndi makobiri 4. Kwa mphunzitsi wakumudzi wokhala ndi banja, imeneyi sinali ndalama yoseka nayo.

Miyeso inalipo 6, ndipo ndiyo inkatchedwa Masitandade. Mu Sitandade 1 mwana ankalemba pabolodi kapena pasileti manambala ofika 20 pamene woyendera akuwatchula, ankatchula manambala omwewo powaona, ndipo ankaphatikiza ndi kuchotsera pakamwa manambala osapyola 10. Mu Sitandade 2 ankachita samu yolemba ya kuphatikiza kapena kuchotsera, ndi kunena matebulo a kuchulukitsa. Mu Sitandade 3 ankafika pa kugawa kwachidule. Sitandade 4 inali ya masamu a ndalama, Sitandade 5 ya miyeso ya kulemera ndi kutalika, ndipo Sitandade 6 inali ya kuwerengera mtengo wa katundu monga achitira kalaliki wa m'sitolo.

Apa pali chinthu choyenera kuchiyang'anitsitsa. Kuyankha pakamwa kunali kwa ana ang'ono a m'miyeso yoyamba. Mwana akakwera, zonse zinkatsamira pa samu yolembedwa, ndipo woyendera ankayang'ana yankho la pansi pa mzere. Likakhala lolondola, mwana wakhoza. Likaphonya ndi kobiri limodzi, samuyo yafa. Panalibe nthawi yofunsa mwana njira imene anadzera.

Ndipo masamu a ndalama za Angerezi anali ndi mbuna zambiri. Mwana wophatikiza mapaundi 3, masheleni 17 ndi makobiri 9 ku mapaundi 2, masheleni 8 ndi makobiri 6 ankayamba ndi makobiri, napeza 15. Anayenera kukumbukira kuti pano sanyamula pa 10 ayi, koma pa 12: alembe makobiri 3, anyamule sheleni imodzi. Pa masheleni ankapeza 26, ndipo pano kunyamula kunali pa 20: alembe masheleni 6, anyamule paundi imodzi. Yankho n'kukhala mapaundi 6, masheleni 6 ndi makobiri 3. Samu imodzi, malamulo atatu a kunyamula. Atangozolowera zimenezi, chaka chotsatira ankakumana ndi mainchesi 12 m'phazi limodzi, mapazi 3 m'yadi imodzi, mayadi 1,760 m'mailo imodzi, ndi maaunsi 16 m'paundi ya kulemera. N'zosadabwitsa kuti ana ankagwa pa masamu koposa pa kuwerenga ndi kulemba.

Tsikulo likafika

Woyendera ankafika kamodzi pa chaka, ndipo tsiku lake linkadziwika pasadakhale. Masabata oyandikira tsikulo, maphunziro ena onse ankaima. Ana ankabwereza matebulo mofuula m'mawa ndi masana, ndipo ndodo inkagwira ntchito kwambiri, pakuti kulephera kwa mwana kunali njala ya mphunzitsi. M'mawa wa tsikulo ana ankabwera atasamba, atavala zovala za pa Sabata, nakhala chete kudikira mlendo amene ambiri a iwo ankamuopa koposa mphunzitsi wawo. Mwana wosafika sankabweretsa kanthu, choncho ngakhale odwala ankatengedwa kunyumba atafunditsidwa mabulangete kuti adzakhale pabenchi.

Zinthu zazing'ono zinkatha kugwetsa kalasi lonse. Woyendera anali munthu wophunzira kwambiri wochokera kutali, ndipo katchulidwe kake ka mawu kankasiyana ndi ka anthu a m'mudzimo. Akatchula nambala yonga 10,050, mwana wamantha kapena wosadziwa bwino malo a ziro ankatha kulemba 1,050. Kuyambira pamenepo ngakhale aphatikize bwino chotani, yankho linali litatayika kale.

Aphunzitsi nawo sanagone. Oyendera ambiri ankakhala ndi masamu awo olembedwa pa timakadi, ndipo ankayenda nato sukulu ndi sukulu. Mphunzitsi amene wayesedwa lero ankakopera mafunsowo ndi kuwatumiza msanga kwa mnzake wa m'mudzi wotsatira. Anaphunziranso kusunga ana. Lamulo linkaletsa kuyesa mwana kawiri mu Sitandade imodzimodzi, ndipo mwana wanzeru wodumpha miyeso iwiri m'chaka chimodzi sankabweretsa ndalama yowonjezera, koma ankangofupikitsa zaka zimene sukulu ikanadyerapo. Motero wanzeru ankayendetsedwa pang'onopang'ono, Sitandade imodzi pa chaka, akubwereza zimene anazidziwa kale. Ndi mmene muyeso unasandukira kalasi, ndi mmene kalasi linasandukira chaka.

Mmodzi wa oyenderawo anali Matthew Arnold, mlakatuli wotchuka, amene anagwira ntchitoyi kuyambira 1851 kufikira 1886. Iye anatsutsa lamuloli lisanayambe n'komwe kugwira ntchito, ndipo sanaleke kulitsutsa. M'malipoti ake kwa Boma ananena kuti kunali kotheka kukonzekeretsa ana mochenjera kotero kuti akhoze mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu, pamene kwenikweni sadziwa kuwerenga, kulemba kapena masamu. Anaona kuti ntchito yasanduka mpikisano wa pakati pa woyesa ndi mphunzitsi, ndi kuti pa mpikisano wotere mphunzitsi adzapeza njira yopambanira. Anadandaulanso za ntchito yake yomwe. Kale ankakhala ndi nthawi yocheza ndi ana ndi kulangiza mphunzitsi, koma tsopano tsiku lonse linkathera pa kuchonga mayina m'ndandanda.

Komabe sikungakhale chilungamo kunena kuti Lowe analakwa pa zonse. Vuto limene bungwe la Newcastle linaona linali loona. Lamulo lisanabwere, mwana wochedwa kumva wokhala kumbuyo kwa kalasi analibe womusamala. Litabwera, mwana yemweyo anakhala ndi mtengo wa masheleni 8, wofanana ndi wa mwana wanzeru, ndipo mphunzitsi anayamba kumudziwa dzina ndi kumulondola kwawo akajomba. Chifukwa chake chinali chadyera, koma ana ambiri osauka anaphunzira kuphatikiza ndi kuchotsera amene akanatuluka m'sukulu manja ali zii. Za kutsika mtengo, Lowe anakwaniritsa mawu ake: ndalama za Boma zinatsika kuchoka pa mapaundi pafupifupi 813,000 mu 1861 kufika pafupifupi 637,000 mu 1865.

Masamu a m'mutu

Chimene oyendera anzeru anazindikira m'kupita kwa zaka n'chakuti samu yolembedwa ikhoza kubisa umbuli. Mwana amatha kuloweza mapazi onse a kugawa monga munthu alowezera njira ya kuchitsime usiku, osadziwa chifukwa chake akutsitsa nambala iyi ndi kunyamula iyo. Akampatsa 48 kuti agawe ndi 6 pasileti, amalemba 8 mosachedwa. Koma akamuuza kuti mayi ali ndi mazira 48 ndipo akuika mazira 6 m'mbale iliyonse, nafunsa kuti afuna mbale zingati, mwana yemweyo amayang'ana kudenga, osadziwa ngati achulukitse, achotsere kapena agawe. Mafunso a nkhani otere ndiwo aphunzitsi ankawaopa koposa, pakuti sankalowezeka.

Kuwerengera m'mutu kuli ndi khalidwe lina. Wolemba amayamba kudzanja lamanja, pa manambala aang'ono, ndipo sadziwa kukula kwa yankho kufikira atatsiriza. Wowerengera m'mutu amayamba ndi zazikulu, ndipo amaswa manambala monga kumkomera. Pophatikiza 19 ndi 26, amati 20 ndi 26 ndi 46, kuchotsapo 1 kutsala 45. Palibe buku limene lamulamula kutero. Wachita zimenezi chifukwa akudziwa kuti 19 ili pafupi ndi 20. Amayi ogulitsa tomato pamsika, ngakhale amene sanagwirepo choko, amabweza chenji mwa njira yomweyi, ndipo kuwabera n'kovuta. Woyesa akafunsa mwana pakamwa, namufunsanso kuti wapeza bwanji, amaona m'kati mwa nzeru zake. Sileti siionetsa zimenezi.

Pa chifukwa ichi, m'zaka za m'ma 1880 malamulo a sukulu analola oyendera kufunsa timafunso tachidule ta m'mutu m'Masitandade onse, ndipo analangiza kuti manambala ake asakhale aakulu, ndi kuti anene za zinthu zooneka ndi zogwirika. Mu 1882 anawonjezera Sitandade 7, naikanso ndalama yapadera yoperekedwa molingana ndi ubwino wa sukulu yonse, osati mayankho okha. Koma chilichonse chimene chalowa m'mayeso chimapeza ochikonzekera. Masamu a m'mutu nawo anasanduka mwambo wa m'mawa uliwonse, mphunzitsi akuponya mafunso mofulumira, ana ataimirira, wochedwa kuyankha akulandira chilango. Liwiro linayamba kutamandidwa koposa kumvetsa, ndipo mwana wamanyazi amene akanapeza yankho akanapatsidwa kamphindi ankawerengedwa wopusa.

Kutha kwa lamulo

Lamuloli silinafe tsiku limodzi. Kuyambira 1867 Boma linayamba kulipirako maphunziro ena, monga za maiko ndi mbiri yakale, chifukwa linaona kuti aphunzitsi anawataya popeza sankabweretsa ndalama. Bungwe lina lofufuza linamva madandaulo a aphunzitsi pakati pa 1886 ndi 1888. Mu 1890 njira yolipira pa yankho la mwana aliyense inachotsedwa mbali yaikulu, ndipo pofika 1900 sukulu zinkalandira ndalama zake pamodzi, popanda kuwerenga okhoza ndi olephera. Mwana amene anayesedwa m'chaka choyamba cha lamuloli anali atakhala kholo, mwinanso gogo. Edmond Holmes, amene anayamba kuyendera sukulu mu 1875 nadzakhala mkulu wa oyendera, analemba buku mu 1911 atapuma ntchito, momwe anavomera ndi chisoni kuti iye mwini anathandiza kuyendetsa njira yowononga ana ndi aphunzitsi. Anaonanso kuti ngakhale lamulo linachoka, aphunzitsi amene analeredwa m'menemo ankaphunzitsabe ngati woyendera afika mawa.

Njira yolipira pa zotsatira inaoloka nyanja. Inagwira ntchito ku Ireland, ku Victoria m'dziko la Australia, ndi ku Gold Coast, kumene lero ndi Ghana. Ku Nyasalande sukulu zinabwera ndi amishoni: a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndi ena pambuyo pawo. Boma la atsamunda linachedwa kulowapo. Linayamba kupereka mapaundi 1,000 pa chaka ku mishoni zonse pamodzi mu 1907, ndipo dipatimenti ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, lamulo la Lowe litatha kale kwawo. Chimene chinafika ndi makwerero ake: dzina la Sitandade, chaka chimodzi pa sitepe iliyonse, mayeso pa mapeto ake, matebulo onenedwa mofuula, ndi masamu a m'mutu a m'mawa amene achikulire ambiri amawakumbukira pamodzi ndi ndodo yake. Ana a ku Zomba ndi ku Mzimba ankanyamula pa 12 ndi pa 20 monga anzawo a ku London, kufikira m'chaka cha 1971 pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi, sheleni ndi kobiri. M'chaka chomwecho Angerezi nawonso anasiya ndalama zawo zakale, nayamba paundi ya makobiri 100.

Ku Mangalande liwu la Sitandade linazimirira m'sukulu, koma mkangano wa masamu olemba ndi a m'mutu sunathe. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mayeso a Boma a ana a zaka 11 anakhala ndi gawo la masamu a m'mutu. Ana ankamvetsera mafunso 20 ojambulidwa pa tepi, napatsidwa masekondi 5, 10 kapena 15 pa funso lililonse. Mu 2016 gawolo linachotsedwa, ndipo m'malo mwake munalowa pepala la masamu olemba. Kenaka mu 2022 ana a zaka 8 ndi 9 anayamba kuyesedwa matebulo pa kompyuta molamulidwa ndi Boma: mafunso 25, masekondi 6 pa funso lililonse. Matebulowo anaikidwa kuti afike pa 12 kuchulukitsa ndi 12, ngakhale kuti sheleni ya makobiri 12 inali itatha zaka zopyola 50 m'mbuyomo.